Mutu 4: Kabokosi Kamene Zamawa Sanachonge

1. Ntchito idulidwa tizidutswa

Dzina loti Zamawa sanabadwe nalo. Linabwera chifukwa cha mayankho ake. Akamuuza kuti achape yunifomu, iye ankati, "Mawa." Akamufunsa za homuweki, ankatinso, "Mawa." Tsiku lina mayi ake anatopa nazo n'kunena kuti, "Koma iwe zako zonse n'zamawa!" Makasitomala a mu saluni ya mayi akewo anaseka mpaka misozi, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kusukulu.

Anali mu Fomu 3. Nzeru anali nazo ndithu, koma ntchito ya mlungu wonse ankailembera pabondo, belu litatsala pang'ono kulira.

Lolemba lina aphunzitsi a sayansi analowa m'kalasi atanyamula pulojekita.

"Kumapeto kwa mwezi uno," anatero aphunzitsiwo, "akuluakulu a ku bwalo la ndege atilola kukwera nsanja ija amalankhulirapo ndi ndege. Koma chipinda cha pamwamba pake n'chaching'ono, tonse sitingakwanemo. Adzapita ndi okhawo amene apange chipangizo choyezera nyengo, n'kuchigwiritsa ntchito, n'kudzatifotokozera bwinobwino."

M'kalasi munadzaza phokoso. Nsanjayo onse ankangoionera patali ali m'basi, yoyera mbee, ya magalasi akuda kumutu kwake.

Aphunzitsi analumikiza foni yawo ku pulojekita. Pakhoma panaoneka pulogalamu yothandiza munthu kugawa nthawi yake. Pamwamba panali funso limodzi: "Ukufuna kukwanitsa chiyani?" Iwo analemba kuti, "Kupanga chipangizo choyezera mphepo." Anaikanso tsiku lomalizira, n'kudina batani.

Nthawi yomweyo mawu aja anagawikana. Pansi pake panatuluka timabokosi tondondozana: kuwerenga za mphepo, kujambula chipangizo, kusonkhanitsa zipangizo, kumanga, kuyesa, kuyeza mphepo tsiku ndi tsiku, kukonzekera kufotokoza. Kabokosi kalikonse kanapita kukakhala pa tsiku lake.

Zamawa anangoti kukamwa yasa. Ntchito imene imaoneka ngati phiri ija inali itasanduka timiyala toti munthu n'kutola ndi dzanja limodzi.

"Tsopano tcherani khutu," anatero aphunzitsi. "Pulogalamuyi si mankhwala okhozetsa mayeso. Ilibe manja, ilibe mutu. Singakuwerengereni buku, singakumangireni kanthu. Ntchito yake n'kukukumbutsani zimene mwalonjeza nokha. Ukamaliza kachidutswa, uchonge kabokosi, kasanduka kobiriwira. Tonse tikhala m'gulu limodzi, ndipo aliyense aziona pamene mnzake wafika. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Inunso dumphani pang'onopang'ono, koma tsiku lililonse. Amene akudikira kuti adzadumphe kamodzi n'kuthera pomwepo adzathyoka mwendo."

2. Mitundu itatu

Zamawa anali ndi foni yakale ya achemwali ake, yong'aluka galasi pakona. Madzulo a tsikulo anakhala kuchipinda cha kuseri kwa saluni, pakati pa matawulo onyowa ndi mabotolo a shampu, n'kuikamo pulogalamu ija.

Isanamufunse za cholinga, pulogalamuyo inapempha kuti imuonetse mmene anagwiritsira ntchito foni mlungu wathawo. Iye anavomera mosaganiza n'komwe.

Panatuluka chithunzi chozungulira ngati mbale, chogawidwa mitundu itatu. Chofiira chinali cha mavidiyo, ndipo chinadya pafupifupi mbale yonse. Chachikasu chinali cha macheza. Chobiriwira, cha maphunziro, chinali kachingwe kowonda ngati tsitsi limodzi.

"Amayi!" anafuula. "Tabwerani mudzaone!"

Mayi ake anabwera chipeso chili m'manja. Anayang'ana foni ija nthawi yaitali.

"Chofiirachi n'chiyani?"

"Mavidiyo."

"Nanga kobiriwiraka?"

"Sukulu," anayankha Zamawa chapansipansi.

Mayi ake anaseka, kenako anakhala pa kampando.

"Ine ndakhala ndikuyankhula mpaka malovu kuuma, iwe osamva. Lero chakuuza chitsulo, wamva. Chabwino, bola wamva. Koma mwananga, ndikuuze. Nthawi siibedwa ndi munthu wina, umaipereka wekha, pang'onopang'ono, uku ukuseka. Ine kuno ndikalandira mutu wa munthu m'mawa, sindingauze mwini wake kuti mbali inayo ndidzaluka mawa. Atuluka bwanji pamsewu ndi mutu wa theka? Zengerezu adalinda kwaukwau. Zaka za sukuluzi zikuoneka zambiri chifukwa uli m'kati mwake. Ukadzatuluka udzadabwa kuti zinali zochepa chotani. Ngati foniyo yayamba kukuuza zoona, igwire bwino. Anzako okuuza zoona sachuluka."

Atatero anabwerera kwa kasitomala wawo. Zamawa anatsala akuyang'anabe kachingwe kobiriwira kaja. Kenako analemba cholinga chake, ndipo timabokosi take tinandandalika.

3. Timakapu tizungulira

Masiku oyamba anali ovuta. Foni ikalira kumukumbutsa, pakamwa pake pankafuna kutuluka mawu ake aja. Koma kabokosi kanali kakang'ono kwambiri moti kukakana kunali kochititsa manyazi. Kuwerenga tsamba limodzi lokha? Ankawerenga. Kujambula chipangizo papepala? Ankajambula.

Akachonga, kabokosi kankasanduka kobiriwira biriwiri, ndipo mtima wake unkachita kudumpha.

Zipangizo anazipeza pafupi pomwepo. Anatola timakapu ta pulasitiki tinayi. Wokonza njinga wa pafupi ndi saluni anamupatsa masipoko akale. Achemwali ake anamupatsa chitsekerero cha cholembera kuti chikhale pozungulirapo. Kapu imodzi anaipaka kyutekisi wofiira wa mu saluni, kuti aziiona ikamadutsa n'kumawerenga.

Tsiku loyesa anakwera pa tebulo kuseri kwa saluni, n'kumangirira chipangizocho pa mtengo woyanikira zovala. Poyamba sichinasunthe. Kenako kamphepo kanadutsa. Timakapu tinagwedezeka, tinayamba kuyenda, ndipo posakhalitsa tinali kuzungulira mwaliwiro, kofiira kaja kakungoti psuu, psuu, psuu.

Zamawa anaima chilili, manja ali pakamwa. Mphepo anakhala akuimva pankhope moyo wake wonse, koma lero anali kuiona ndi maso, ndipo amene anaigwira anali iye mwini.

Ngakhale makasitomala anatuluka ndi mitu yosamaliza kudzaonerera.

"Kodi ndi Zamawa yemwe uja?" anafunsa mayi wina. "Mwamusinthira dzina kapena?"

4. Njira ya Chidule

Zinthu zinasokonekera mlungu wachitatu. Ku saluni kunabwera gulu la atsikana operekeza mkwatibwi, ndipo wothandiza mayi ake anadwala. Zamawa anagwira ntchito Lachisanu madzulo, Loweruka lonse ndi Lamlungu lomwe. Ankatsuka mitu, kugawa meshi wolukira tsitsi, kusesa tsitsi. Foni inalira kangapo m'thumba la epuloni, koma manja anali m'thovu.

Pofika Lolemba, kabokosi koyeza mphepo kanali kosachonga masiku onsewo. Pa gulu la kalasi dzina lake linatsika kwambiri. Pamwamba penipeni panali mnzake wapamtima, amene onse ankamutcha Chidule chifukwa chodana ndi njira yaitali iliyonse, kaya ya kusukulu kaya ya masamu.

Pa nthawi yopuma Chidule anamukokera kuseri kwa laibulale.

"Iwe, nkhope yagweranji?"

"Ndatsalira. Sindinayeze mphepo."

Chidule anaseka. "Ndiye vuto lili pati? Foni ili ndi maso? Tangochonga basi! Ine ndimachonga zonse ndikangodzuka. Wotchi ya m'pulogalamu yoyeza nthawi imene wawerenga ndimaitsegula, foni n'kuiika pansi pa pilo, ine n'kumaonera filimu pa foni ya achimwene. Taona pamene ndili."

"Nanga chipangizo chako?"

"Achimwene anandipangira. Chokongola kuposa chako."

"Aphunzitsi akadziwa?"

"Adziwa bwanji? Awauza ndiwe?" Chidule anamugwira paphewa. "Ndikufuna tikakwere nsanja tonse awiri. Usandichititse manyazi, mnzanga. Chala chimodzi, nkhani yatha."

Madzulo Zamawa anakhala pakona ya saluni foni ili m'manja. Timabokosi topanda kanthu tinali kumuyang'ana. Anabweretsa chala pafupi, n'kuchibweza. Anachibweretsanso.

Pa mpando wa kutsogolo kwake panali azakhali ake, namwino wa pachipatala chachikulu, amene anabwera kudzatsukitsa tsitsi. Ankamuonera pa galasi.

"Mwana wa achimwene, foniyo ikuluma kodi? Bwanji chala chikupita n'kubwerera?"

Zamawa sanathe kubisa. Anafotokoza za timabokosi tosachonga, koma dzina la mnzake sanalitchule.

Azakhali anatembenuza mpando wonse, thawulo lili kumutu.

"Tamvera. Ife kuntchito timachonganso timabokosi. Ndikampatsa wodwala mankhwala, ndimachonga. Mnzanga wobwera pambuyo panga safunsa wodwalayo, amayang'ana pamene ndachongapo n'kukhulupirira. Tsono taganiza, nditachonga mankhwala amene sindinapereke chifukwa ndatopa, kapena chifukwa ndikufuna akuluakulu andione wakhama. Pepala likhala lokongola, koma munthu pabedi paja akhala akutha. Kabokosi kopanda kanthu si koopsa ayi. Mnzanga akakaona amadziwa kuti pali ntchito, n'kuthamanga kukaigwira. Koopsa ndi kochonga mwabodza, chifukwa kamagonetsa anthu tulo. Iwe lero ukuti n'kamphepo chabe, palibe afe. N'zoona. Koma dzanja limazolowera, mwananga. Dzanja limene lachonga bodza ku sukulu ndi lomwelo lidzachonge bodza kuntchito. Ndiponso ukanamiza foniyo, wanamiza ndani? Foni sikwera nsanja. Foni silemba mayeso. Ukhala wadzitseka m'maso wekha n'kumati kunja kwada."

Onse m'saluni anali atatchera khutu. Ngakhale mayi ake anazimitsa choumitsira tsitsi.

Zamawa anayang'ananso foni. Pansi pa timabokosi panali batani lina laling'ono limene anali asanalidinepo, lolembedwa kuti, "Sindinachite." Analidina.

Ankayembekeza kuti foniyo imudzudzula. M'malo mwake inamufunsa kuti, "Chinakulepheretsa n'chiyani?" Iye analemba kuti ankathandiza mayi ake. Kenako timabokosi tonse totsala tinayamba kusuntha tokha pa galasi. Tina tinapita m'mawa asanapite kusukulu. Tina tinalowa pamalo pamene ankaonera mavidiyo. Masiku ophonya aja anasanduka achikasu, koma njira yofikira tsiku lomaliza inaonekanso, yopanikiza koma yotheka.

"Azakhali, taonani! Yandikonzeranso!"

Azakhali anavala magalasi awo n'kuyang'anitsitsa. "Koma anthu anapanga zinthu! Ukaiuza zoona ikuthandiza. Ukanainamiza ikanangokuombera m'manja mpaka kukagwera m'dzenje."

5. Pabwalo la sukulu

Kuyambira tsikulo Zamawa ankadzuka dzuwa likungotuluka. Ankayeza mphepo asanasambe, n'kudzayezanso akaweruka. Anazindikira kuti m'mawa timakapu timayenda mwaulesi, koma masana timathamanga. Anafunsa aphunzitsi chifukwa chake, ndipo iwo anamuloza tsamba loti akawerenge yekha. Pa gulu la kalasi dzina lake linakwera pang'ono, koma linakhalabe pakati. Chidule anasiya kumudikira pa geti.

Tsiku losankha, aphunzitsi anatulutsa kalasi yonse pabwalo. Kunali mphepo ndithu, masiketi akuchita kugwiridwa ndi manja.

Anayamba ndi Chidule, poti ndiye anali pamwamba. Chipangizo chake chinali chopaka penti, chonyezimira.

"Chokongola," anatero aphunzitsi. "Tatiuza, pa masiku onse unayeza aja, mphepo inkalimba nthawi yanji?"

Chidule anayang'ana foni yake. "Zonse ndinachonga, Aphunzitsi. Zikuoneka apa."

"Ndaona kuti unachonga. Ndikufunsa za mphepo."

Chidule anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. Aphunzitsi sanakalipe. Anangoti akhale pansi, n'kuitana wina.

Itafika nthawi ya Zamawa, anapita kutsogolo mwamantha. Anakweza chipangizo chake cha masipoko, ndipo timakapu tinayamba kuzungulira. Atangoona kofiira kaja kakudutsa, mantha anachoka. Anafotokoza mmene amawerengera. Anafotokoza kuti dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wotentha umakwera ndipo wozizira umathamangira kudzalowa m'malo mwake, n'chifukwa chake masana mphepo imalimba.

Aphunzitsi anatenga foni yake. "Nanga masiku achikasuwa?"

"Sindinayeze, Aphunzitsi. Ndinkathandiza amayi ku saluni."

"Bwanji sunangochonga? Ndani akanadziwa?"

"Ndikanadziwa ine."

Aphunzitsi anamubwezera foni. Koma pamene ankatchula mayina a opita ku nsanja, la Zamawa linali lachiwiri. La Chidule silinamveke.

6. Pamwamba pa nsanja

Ananyamuka Lachisanu m'mawa pa minibasi ya sukulu. Pa geti la bwalo la ndege anawasecha, n'kuwapatsa timakhadi topachika m'khosi. Analowa m'chikepe chimene chinawakweza m'mwamba. Kenako anakwera masitepe opapatiza, mmodzimmodzi.

Chitseko chitatseguka, onse anaima pakhomo akuyang'ana uku ndi uku.

Chipindacho chinali chozungulira, magalasi okhaokha mbali zonse. Dziko lonse linali pansi pawo. Msewu wa ndege unatambalala wakuda bii mpaka kutali. Magalimoto onyamula katundu ankaoneka ngati zidole. Mitambo inali pafupi moti munthu n'kuganiza zoigwira. Koma chimene chinadabwitsa Zamawa kwambiri chinali bata. Ankaganiza kuti apeza anthu akufuula. Anapeza anthu ochepa atakhala pa mipando, atavala mahedifoni, akuyankhula motsitsa ngati ali m'chipinda cha mwana wogona.

Amene anawalandira anali mayi wamfupi, wa imvi pang'ono, mkulu wa oyang'anira ndege tsikulo. Anawaonetsa galasi lodzaza timadontho toyenda pang'onopang'ono.

"Kadontho kalikonse ndi ndege," anatero motsitsa. "M'kati mwa kadonthoka muli anthu ambirimbiri. Ena akugona, ena akumwa tiyi, mwana wina akulira. Onsewo sakutidziwa, koma akudalira kuti aliyense tamupatsa nthawi yake ndi njira yake. Awiri akafuna kutera nthawi imodzi, wina timamuuza adikire. Kuno chinthu chilichonse chili ndi mphindi yake, ndipo mphindi ikadutsa sibwerera kudzakupepesa."

Zamawa anaona kagalasi kena kakang'ono, manambala ake akusinthasintha. Anakweza dzanja.

"Amayi, kodi aka n'ka mphepo?"

Mayiyo anamuyang'ana. "Wadziwa bwanji?"

"Manambala akukwera nthawi imene mbendera iyo ikuwongoka."

Mayiyo anamwetulira, n'kumutengera pa zenera. Analoza kutali, m'mphepete mwa msewu wa ndege. Pamwamba pa mlongoti wautali panali kanthu kakuzungulira padzuwa. Zamawa anatsinzinira kuti aone bwino. Tinali timakapu.

Tinali tachitsulo, osati tapulasitiki, koma kazunguliridwe kake kanali komweko. Zamawa anagwira galasi ndi manja onse awiri.

"Ndege iliyonse isanatere, timaiuza za timakapu timeneto," anatero mayiyo. "Bwera udzamve."

Anamuveka mahedifoni ena. Poyamba munali phokoso ngati mvula ya patali. Kenako munamveka mawu a mwamuna, odekha, ochokera kumwamba, akupempha chilolezo chotera. Mnyamata woyang'anira ndege amene anakhala pambali pake anayang'ana kagalasi ka mphepo, n'kuyankha. Mawu akumwamba aja anabwereza zomwe anauzidwa, n'kuthokoza.

"Yang'ana uko," ananong'ona mayiyo.

M'mitambo munatuluka kanyali. Kanakula, kanamera mapiko, kanatulutsa matayala. Chindege chonse chinatsika mwaulemu, chikupendekera pang'ono kumene kumachokera mphepo, mpaka matayala anakhudza pansi n'kutulutsa utsi woyera. Magalasi a nsanja ananjenjemera.

Ana onse anaunjikana pa zenera. Ngakhale aphunzitsi a sayansi anali atavula magalasi awo, akungopukusa mutu.

Zamawa anavula mahedifoni pang'onopang'ono. "Amayi, ntchito imeneyi munthu amayamba bwanji?"

"Amayamba ndi masamu, sayansi ndi Chingelezi," anayankha mayiyo. "Ndiponso ndi kuzolowera kunena zimene waona, osati zimene ukufuna zikanakhala. Zinazo timaphunzitsa kuno."

7. Pa khomo la ofesi

Pobwerera m'minibasi munali phokoso, aliyense akufotokozera mnzake zimene onse anaona limodzi. Zamawa anakhala pa zenera, maso ali kumwamba, khadi la m'khosi lija ataiwala n'kuvula komwe mpaka aphunzitsi anachita kumukumbutsa kuti linali loti abweze.

Anafika kusukulu anzawo akuweruka. Atangotsika, anaona aphunzitsi aakulu ataima pa khomo la ofesi, manja ali kumbuyo. Pa benchi ya pakhonde panakhala Chidule, maso ali ofiira. Pambali pake panali mayi ake, chikwama chili pamiyendo, nkhope ili gwa.

"Zamawa," anaitana aphunzitsi aakulu. "Tabwera kuno. Foni yako uli nayo?"

"Ndili nayo, Aphunzitsi."

"Bwera nayo. Tapeza kuti ana angapo m'kalasi mwanu akhala akuchonga ntchito imene sanagwire. Mnzakoyu wavomera. Koma akuti njira imeneyi anamuphunzitsa ndiwe."

Zamawa anayang'ana Chidule. Chidule anayang'ana nsapato zake.

Aphunzitsi aakulu anatsegula chitseko cha ofesi n'kuima pambali.

"Lowani nonse awiri. Wina mwa inu andiuza zoona asanapite kwawo."